Mafunso ndi mayankho: ma seal a crank pa njinga zamoto zakale za 2-stroke kuno ku Johannesburg

Awa ndi mafunso amene abale athu amabwera nawo mobwerezabwereza. Ena amasamalira njinga za mabwana awo m'mapuloti a ku Muldersdrift, Kyalami ndi Walkerville, ena agula njinga yakale kuti aikonze n'kuitumiza kumudzi. Mayankhowa akukhudza njinga zam'tchire monga Yamaha DT125, DT175 ndi AG100, Suzuki TS185, Kawasaki KDX200, komanso zamatayala anayi zija, Blaster ndi Banshee. Amene ali pachangu ayambe ndi mafunso 3, 6 ndi 12.

1. Kodi seal ya crank ndi chiyani, ndipo imakhala pati?

Ndi kamphira kozungulira ngati mphete, kokhala ndi chitsulo m'kati ndiponso kasipuling'i kamene kamapanikiza mlomo wa mphirayo kuti ugwire crank. Crank, chitsulo chimene pisitoni imazunguza m'kati mwa injini, imatulukira mbali ziwiri za injiniyo: mbali ina imazunguza flywheel (gudumu lachitsulo lokhala ndi maginito) ya magineto opanga moto wa pulagi, mbali ina imapereka mphamvu ku kilatchi. Paliponse pamene yatulukirapo pali bering'i, ndipo pafupi ndi bering'iyo pali seal. Choncho injini ya silinda imodzi ili ndi ma seal awiri, ya ku magineto ndi ya ku kilatchi.

2. Pa galimoto seal ikatha timangoona oyilo akudontha. Bwanji pa 2-stroke mumaikokomeza chonchi?

Chifukwa 2-stroke imapumira pansi pa pisitoni. Pisitoni ikamakwera, m'chipinda cha crank mumakoka petulo ndi mpweya kuchokera ku kabureta. Ikamatsika imapanikiza zimene yakokazo n'kuzikankhira pamwamba kuti zikapse. Chipindacho ndi pampu, ndipo pampu yobooka sigwira ntchito yake. Mu injini ya 4-stroke chipinda chomwecho chimangosunga oyilo, ndiye seal ikafooka mumathira wina n'kupitiriza ulendo.

Palinso china. Pa 2-stroke oyilo wofewetsa pisitoni ndi mabering'i amayenda limodzi ndi petulo ndi mpweya womwewo. Mpweya ukalowera pakhomo lolakwika, injini imachepekedwa petulo woiziziritsa, imatentha kuposa muyezo, ndipo oyilo amene alipoyo amalephera kuteteza pisitoni.

3. Ndingadziwe bwanji kuti seal ya ku magineto yatha?

Iyi ndiyo yoopsa, chifukwa sidontha chilichonse choti mungachione pansi. Kuseri kwake kuli mpweya wokha, ndiye injini imangoyamwa mpweyawo mwakachetechete.

Mvetserani mukasiya moto. Injini yabwino imatsika msanga n'kumalira mwakachetechete. Ya seal yakutha imachedwa kutsika, imakhala ikulirabe pamwamba kwa kanthawi ngati wina akuigwirizira moto. M'mawa imavuta kulira, mukailiza imafuna tchoko nthawi yaitali, koma ikatentha idling yake imakwera yokha. Mukapotokola kasikuluwu ka mpweya pa kabureta simumva kusintha kwenikweni, kapena lero yakhala bwino mawa yasinthanso. Mukatsegula pulagi mupeza nsonga yake yoyera mbee kapena yotuwa ngati phulusa, m'malo mwa mtundu wofiirira umene injini yokhuta imasiya. Pokwera chitunda mungamve kulira kwa tiki-tiki m'mutu mwa injini.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti njinga yotere nthawi zina imathamanga mopepuka kuposa kale. Mwiniwake amasangalala, osadziwa kuti pisitoni ikupsa. Mapeto ake pisitoni imagwira m'silinda, tayala lakumbuyo n'kukwekwereza, kapena imabooka pamwamba.

Chotsani chivundikiro cha magineto muyang'ane pansi pake ndi kuseri kwa flywheel. Malo amenewo amayenera kukhala ouma. Mukapeza timadzi takuda tonona, tonunkha petulo, titamatirira fumbi, seal ikupuma.

4. Njinga yanga ikufuka utsi wambiri ndipo ikupha mapulagi. Ndi seal?

Mwina ndi ya ku kilatchi. Kuseri kwa imeneyo kuli oyilo wa giyabokosi, ndiye ikatha injini imayamwa oyiloyo n'kumuwotcha. Utsi umakhala wochindikala, sutha ngakhale injini itatentha, ndipo fungo lake ndi lokhakhala, losiyana ndi la oyilo wa 2-stroke amene munazolowera. Ku ekizozi kumatuluka phala lakuda lochuluka, pulagi imanyowa n'kuda.

Umboni weniweni uli pa muyezo wa oyilo. Thirani oyilo wa giyabokosi mpaka pa mzere wake, yendani masiku angapo, muyezenso njinga itaima chilili pamalo osalala. Ngati watsika koma pansi palibe dontho, wapita m'injini.

Musanamasule chilichonse, onani kaye zina zimene zimafukitsa utsi: pampu yothira oyilo wa 2-stroke m'injini (Autolube pa Yamaha) ikasokonekera, kapena munthu akamathira oyilo m'thanki ya petulo pamene pampuyo ikugwirabe ntchito. Pa injini zamadzi monga Banshee ndi KDX200 zopangidwa kuyambira 1989, utsi woyera wonunkhira motsekemera pamodzi ndi madzi otsika m'radiator ukuloza kumutu kwa silinda, osati ku crank.

5. Makaniko wina anangondiikira jet (kachitsulo kodutsira petulo m'kabureta) yaikulu ndipo njinga yayamba kuyenda bwino. Pali vuto?

Lilipo, achimwene. Wabisa matenda, sanawachize. Kabowo ka pa seal sikakhala kofanana nthawi zonse: kamasintha ndi kutentha kwa injini, ndipo kamakula mwezi ndi mwezi. Jet imene yakwanira lero idzachepa mtsogolo, ndipo tsiku lake simudzalidziwa. Ine ndimakana kukhudza kabureta ya 2-stroke yakale ndisanayeze ngati injini ikusunga mpweya, chifukwa chilichonse chimene ndingachite pamenepo chidzakhala chongoyerekeza.

Kuwonjezera oyilo mu petulo nakonso sikutseka bowo. Ngati njinga yanu mumasakaniza nokha, tsatirani muyezo wa opanga. Pa 40:1 ndi 125 ml ya oyilo pa malita 5 a petulo, pa 32:1 ndi pafupifupi 156 ml. Mukapyola kwambiri, petulo amene akudutsa pa jet amachepa chifukwa oyilo watenga malo ake.

6. Kodi pali njira yoyezera ndisanamasule injini?

Ilipo, ndipo ndi yokhayo imene ndimaikhulupirira. Mumatseka makomo onse a injini, n'kupopera mpweya pang'ono m'kati, n'kuona ngati ukukhalamo.

Chotsani ekizozi, mutseke khomo lake ndi kachitsulo kafulati kokhala ndi chidutswa cha chubu chakale cha tayala pansi pake, mumange ndi mabauti omwewo. Chotsani kabureta, m'mphira yake mulowetse chotsekera cha paipi ya PVC chokwana bwino, chimene mwaboola n'kuikapo valavu ya tayala ndi geji ya mphamvu yochepa. Mangani ndi kilampu. Pulagi ikhale pamalo pake yomanga, pisitoni muitsitse pansi penipeni kuti mpweya ufike paliponse. Pa injini za power valve (kachitseko koyenda ka pa khomo la ekizozi) monga KDX200 pali malo ena owonjezera amene mpweya ungatulukire, ndiye kutseka kwake kumafuna kuleza mtima.

Popani ndi pampu yamanja ya njinga yakapalasa mpaka 6 psi, imene ili pafupifupi 0.4 bar. Kompuresa ya pa galaja musaiyandikize n'komwe, chifukwa mphamvu yake ingatulutse seal yabwinobwino pamalo pake. Mukafika pa 6 psi, siyani, muyang'ane singano kwa mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Injini yabwino singano imaima, kapena imatsika pang'ono kwambiri, osapyola 1 psi. Ikamatsika mukuona, pali bowo.

Tsopano sungunulani sopo wotsukira mbale m'madzi, muthire m'botolo lopopera. Yambani ndi zotsekera zanu zomwe, chifukwa kawirikawiri zodontha ndi zimenezo. Kenako poperani pa mphira ya kabureta, pansi pa silinda, pamsoko pamene mbali ziwiri za injini zakumana, ndi pa seal ya ku magineto mutachotsa flywheel. Pobooka pamatukusira thovu, timabaluni ting'onoting'ono totuluka mondondozana pamalo amodzi. Ya ku kilatchi simungaione chivundikiro chili chotseka, koma mpweya wake umatulukira pa kapaipi kopumira ka giyabokosi. Mizani nsonga ya kapaipiko m'kapu ya madzi, mukaona thovu mwaipeza.

Amene ali ndi kapampu kokoka mpweya ayezenso mokoka. Pali ma seal ena amene amagwira mukapopa koma amatsegula mlomo mukakoka, ndipo kukoka ndi kumene kumalowetsa mpweya woononga uja. Tembenuzaninso crank pang'onopang'ono poyeza, chifukwa ena amadontha pamalo amodzi okha.

7. Ndayeza, singano ikutsika. Ndiye kuti ndi seal basi?

Ayi. Pa njinga zakale mphira yolumikiza kabureta ndi injini imauma n'kung'aluka, ndipo ming'alu yake imaoneka pokhapokha mwaipinda ndi zala. Gasiketi ya pansi pa silinda ndi ya pa reed valve (timasamba totsegula ndi kutseka njira yochokera ku kabureta) nazonso zimadontha. Zizindikiro zake n'zofanana ndi za mu funso 3. Tsatirani thovu, musagule musanaone.

8. N'chiyani chimapha ma seal?

Choyamba ndi zaka. Mphira imauma, mlomo wake umalimba n'kusiya kutsatira crank. Blaster inayamba kupangidwa mu 1988 n'kusiya mu 2006, ndiye ngakhale yomaliza yeniyeni yakhala nthawi yaitali, ndipo zambiri sizinatsegulidwepo. Kuima nakonso kumaononga. Njinga imene yakhala chaka m'galaja osalira imakhala ndi ma seal ouma gwa, ndipo pa crank pamene mlomo umakhudza pamatha kuchita dzimbiri.

Chachiwiri ndi mabering'i. Akalobodoka, crank imavina, ndipo palibe seal imene ingatseke chitsulo chovina. Gwirani flywheel ndi manja awiri, muikankhire m'mwamba ndi pansi. Mukamva kugogoda ngakhale pang'ono, seal yatsopano idzathanso msanga, ndipo ntchito yanu ndi ya mu funso 9. Kusuntha pang'ono kolowa ndi kotuluka kumapezeka pa injini zina zabwinobwino, koopsa ndi kwa m'mwamba ndi pansi.

Chachitatu ndi dera lathu lino. Kuyambira June mpaka mvula isanagwe, Highveld imakhala youma, fumbi lili paliponse, ndipo mchenga wa pa zitunda za migodi zimene anthu amakonda kukwera ndi wosalala kwambiri, umadutsa pa fyuluta youma mosavuta. Ukalowa umadya mabering'i ndi milomo ya ma seal. Fyuluta ya siponji izichapidwa ndi kupakidwa oyilo wake pafupipafupi. Nthawi ya mvula vuto ndi madzi olowa m'chivundikiro cha magineto, makamaka kwa amene amatsuka njinga ndi mashini opopera mwamphamvu. Mukatsuka kapena mukawoloka madzi, tsegulani chivundikirocho kuti muume.

9. Kodi pamafunika kugawa injini pakati?

Zimatengera mtundu wa injini. Pa zambiri za silinda imodzi, monga Blaster, ma seal amalowera kunja: ya ku magineto mumaipeza mukachotsa flywheel ndi mbale ya makoyilo, ya ku kilatchi mukachotsa chivundikiro cha kilatchi ndi giya ya pa crank. Injini ingakhale ili pa njinga. Pa zina amalowera m'kati kapena ali ndi kamzere kotukuka kokhala mu ngalande yake, ndipo kuwasintha n'kugawa injini basi. Banshee ili m'gulu limeneli. Pezani buku lokonzera la njinga yanuyo musanagule kanthu, ambiri amapezeka pa intaneti.

Ngati mwagawa injini pa chifukwa china chilichonse, sinthani ma seal onse ndi mabering'i a crank nthawi yomweyo. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kubwereza ntchito yonse.

10. Ndikufuna kusintha ndekha. Ndisamale pati?

Flywheel imafuna chozulira chake chokhala ndi mazinga. Pa Yamaha zambiri zakale ndi cha 27 mm cha mazinga akumanzere, ndiye chimamanga mukamapotokola kumene bauti wamba amamasukira. Hamala ndi zozulira zamiyendo itatu zimaphwanya maginito a flywheel kapena kupinda crank. Kakiyi kakang'ono kooneka ngati theka la mwezi kamene kali pa crank mukasunge m'kabotolo, kamatayika msanga. Musanasunthe mbale ya makoyilo, lembani chizindikiro pamene inali kuti moto wa pulagi usasokonekere nthawi yake.

Jambulani seal yakale ndi foni isanatuluke, kuti mudziwe mbali imene inayang'ana kunja ndi mmene inalowera. Ku magineto kawirikawiri kasipuling'i kamayang'ana m'kati ndipo manambala amaoneka kunja. Ku kilatchi zimasiyana malinga ndi injini, ndipo ambiri amatembenuza pamenepa.

Potulutsa, boolani kabowo kakang'ono pa chitsulo cha seal, mulowetsemo sikuluwu yodzitsegulira njira mazinga awiri kapena atatu okha, mukoke ndi pulayala. Mukalowetsa kwambiri mubaya bering'i. Kutokosa ndi sikuludalaiva m'mbali kumakanda aluminiyamu, ndipo chikandocho chimasanduka njira ya mpweya imene seal yatsopano singatseke.

Pukutani, muyendetse chikhadabo pa crank pamene mlomo umagwira. Chikakodwa m'kangalande, seal yatsopano idzadonthera pomwepo. Pa injini zambiri mbali ya kilatchi mlomo umayenda pa kachitsulo kovala pa crank, kamene kamasinthika pakokha, ndipo zina zili ndi O-ring kuseri kwake. Musaiwale kuisintha.

Polowetsa yatsopano, kulungani tepi pa mazinga ndi pa ngalande ya kiyi kuti zisadule mlomo, pakani girisi pang'ono pa mlomowo, muyambe ndi zala. Kenako ikani soketi kapena chidutswa cha paipi chofanana kukula ndi m'mphepete mwa seal, mugogode pang'onopang'ono mozungulira kuti ilowe mowongoka mpaka pamene yakale inali. Mukaipitiriza imakakhuza bering'i kapena kutseka kabowo kobweretsa oyilo. Pomanga nati ya giya, panikizani nsanza yokhuthala kapena kachidutswa ka aluminiyamu pakati pa mano, chitsulo cholimba chimathyola mano. Manati a flywheel ndi a giya amangidwe ndi torque wrench pa muyezo wa m'buku. Mukatha, bwerezani kuyeza kwa mu funso 6 musanabwezere kabureta ndi ekizozi.

11. Ndigule yotani? Ku shopu ya mabering'i ali ndi ya saizi yomweyo yotchipa.

Manambala atatu olembedwa pa seal ndi mamilimita: kukula kwa m'kati, kwa kunja, ndi kuchindikala. Koma saizi yokha sikwanira. Seal wamba inapangidwira kutseka oyilo mbali imodzi. Ya crank imapirira petulo, kutentha, liwiro lalikulu, ndiponso kukoka ndi kukankha pa kuzungulira kulikonse, n'chifukwa chake zambiri zili ndi milomo iwiri. Ine ndimasankha ya kampani imene inapanga njingayo ngati ikupezeka, kapena ya m'paketi yolembedwa dzina la njingayo kuchokera kwa ogulitsa zida za njinga zam'tchire. Mukakakamizika kugula ku shopu ya mabering'i, tengani yakale m'manja, muwauze ntchito yake, mufunse ya Viton. Imapirira kutentha ndi petulo kuposa ya nitrile yakuda ija. Yogona nthawi yaitali pa shelefu ya dzuwa muipinde pang'ono ndi chala, ikakhala yolimba isiyeni.

12. Ndagula DT kuno, ndikufuna kuitumiza kumudzi. Ikuyenda bwinobwino. Nditsegulirenji?

Funso limeneli ndi limene ndimafuna aliyense alimvetse. Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi wa ku Durban. Kabureta imene sinasinthidwe imapereka petulo wochulukirapo kuno, ndipo petulo wotsalayo amabisa vuto la kabowo kakang'ono ka pa seal. Njinga imaoneka yangwiro. Enanso anaichepetsa kale jet kuti igwirizane ndi Joni, ndipo wogulitsa sakumbuka kukuuzani.

Tsopano njingayo yakwera pa ngolo ya basi, yadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, yalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita opitirira pang'ono 1,000. Salima ndi Mangochi zili pafupi ndi 500, Nsanje sifika ngakhale 100. Kumeneko mpweya ndi wolemera, injini ikufuna petulo wambiri, ndipo kabowo kaja kayamba kuluma. Onjezerani kutentha kwa mu October, mchenga wa m'mbali mwa nyanja, munthu wachiwiri kumbuyo ndi thumba la chimanga. Mlamu wanu aimba foni kuti injini yanoka, ndipo mudzayamba kukayikirana kuti mwina anaiyendetsa mosasamala, pamene vuto linachokera kuno.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Mphira yakale, youma kale, siikhalitsa mu petulo wotere, ndipo izi zikukhudzanso mapaipi a petulo ndi mphira ya kabureta.

Ndiye musanaikweze: yezani monga mu funso 6, sinthani ma seal onse awiri ngati simukudziwa mbiri yake, tsegulani kabureta muwerenge nambala ya main jet muiyerekeze ndi ya m'buku. Ngati ndi yaing'ono, bwezerani yoyambirira. Ikani m'katundu ma seal ena apadera, gasiketi ya chivundikiro cha kilatchi ndi chozulira flywheel, kuti makaniko wa pa trading centre asadzagwiritse hamala. Amene mumapita ndi mabwana anu kukakwera kunyanja ku KwaZulu-Natal, nkhani yake ndi yomweyi.

13. Injini inakwera yokha mpaka pamwamba, ndinazimitsa koma sinasiye. Ndichite chiyani zikachitikanso?

Zimachitika mpweya wolowera pabowo ukachuluka ndipo m'mutu mwa injini mwatentha moti petulo akuyaka yekha popanda pulagi. Batani lozimitsira silithandiza. Kokani tchoko yonse kuti injini imizidwe ndi petulo. Zikakanika, khalani pa njinga, gwirani mabuleki onse mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba n'kusiya kilatchi kuti izime. Kutseka mpopi wa petulo kokha kumachedwa, ndipo petulo akamatha m'kabureta injini imakweranso. Musailizenso musanaone waya woonjezerera moto wopita ku kabureta ngati sanakodwe, ndiponso musanayeze.

14. Ndizisintha pakapita nthawi yotalika bwanji?

Palibe nambala imodzi yokwanira njinga zonse. Ya pa famu yoyenda pang'onopang'ono ndi ya mpikisano sizingafanane. Chimene ndimalangiza ndi kuyeza nthawi iliyonse mwasintha pisitoni, mukagula njinga yakale, ikakhala nthawi yaitali osalira, ndiponso pisitoni ikagwira, kuti yatsopano isafe imfa yomweyo. Njinga za mabwana zimene zimangodikira tchuthi cha December muzizilizako pakapita masabata angapo mpaka zitenthe, kuti oyilo afike pa milomo ya ma seal.

15. Ndimagwira ntchito ya m'munda. Kodi mashini odulira udzu ndi macheka a petulo ali ndi vuto lomweli?

Inde, ngati ndi a 2-stroke. Macheka ndi zodulira udzu zonyamula paphewa za Stihl ndi Husqvarna zili ndi ma seal awiri omwewo, ang'onoang'ono chabe. Tcheni chikamazungulirabe mutasiya moto, kapena kulira kukamasintha mukagoneka mashini cham'mbali, ganizirani mpweya wolowera pabowo musanayambe kupotokola timasikuluwu ta pa kabureta tolembedwa L ndi H. Kuyeza kwake ndi kwa mu funso 6, ndipo pa mashini amenewa kuyeza mokoka n'kofunika kwambiri. Onaninso kapaipi kakang'ono kochokera m'chipinda cha crank kupita ku kabureta, pa mashini amene ali nako, chifukwa ndi kamene kamayendetsa pampu ya petulo ndipo kamang'aluka msanga kuposa ma seal.